Khomo la Thukuta ndi Khomo la Umphawi

M'dziko la United States of America, munthu amene matenda kapena ngozi yamulanda nyonga, kufikira kuti manja ake sangathenso kumudyetsa, akapita kukadandaula ku ofesi ya boma yotchedwa Social Security Administration, amapeza kuti chithandizo cha olumala chili ndi makomo awiri, ngakhale kuti ofesi ndi imodzi, alembi ndi omwewo, ndipo muyeso umene amayesera ulumali wa munthu wamkulu ndi umodzimodzi. Pa khomo loyamba, limene eni dziko amalitcha Social Security Disability Insurance, kapena SSDI mwachidule, amamufunsa za kale lake, kuti kodi munagwira ntchito zaka zingati, nanga munasonkha zingati m'masiku a mphamvu zanu? Pa khomo lachiwiri, lotchedwa Supplemental Security Income, kapena SSI, za kale lake alibe nazo ntchito. Amafunsa za lero, kuti kodi muli ndi zingati ku banki, mukugona m'nyumba ya yani, nanga amene akulipira lendi ndani? Wolowa pa khomo loyamba amalandira monga mwini, wolowa pa lachiwiri amalandira monga wopempha; ndipo amene afuna kumvetsa chifukwa chake anthu awiri odwala nthenda imodzi amawerengedwa mosiyana chotere, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka mazana anayi ndi kuwoloka nyanja kupita ku Ulaya, kumene makomo onse awiri anasemedwa.

Khomo la umphawi ndilo linayamba. M'chaka cha 1601, ufumu wa Mfumukazi Elizabeth I uli chakumapeto, Nyumba ya Malamulo ya ku England inakhazikitsa lamulo la amphawi, limene linalamula parishi iliyonse kusankha akapitawo osonkhetsa msonkho kwa okhala ndi nyumba ndi minda, kuti ndi msonkhowo adyetse opunduka, akhungu ndi okalamba, apezere ntchito amphawi amphamvu, ndi kupereka ana osowa wowalera kwa amisiri kuti aphunzire luso. Munali chifundo m'lamulo limenelo, pakuti linavomereza poyera kuti njala ya wolumala ndi mlandu wa mudzi wonse, monga momwe chilamulo cha Mose chinasiyira waumphawi ndi mlendo khunkha la m'mphepete mwa munda; koma munalinso chikaiko, popeza thumba la parishi lisanamasulidwe, akapitawo ankayamba afunsa ngati wosaukayo ali ndi atate, amayi, agogo kapena ana okhoza kumusunga, ndipo akapezeka, katunduyo ankawasenzetsa iwowo. Kuyambira pamenepo chithandizo cha osauka chinayenda limodzi ndi kufufuza, ndipo ziwirizi sizinasiyane mpaka lero.

Chikaikocho chinakula n'kupambana chifundo m'chaka cha 1834, pamene akuluakulu a ku London, poona kuti msonkho wa amphawi wakwera, anakonzanso lamulo pa mfundo yakuti moyo wa wolandira chithandizo uzikhala wowawa kuposa wa waganyu wotsikitsitsa amene amadzidyetsa yekha, kuti pasapezeke munthu wosirira kuthandizidwa. Anamanga nyumba zikuluzikulu zogwiriramo ntchito amphawi, ndipo wolowamo ankavula zovala zake n'kuvala za m'nyumbamo. Mwamuna ankapita mbali ina, mkazi wake mbali ina, ana mbali inanso. Usana wonse ankaswa miyala, kapena kumasula ndi zala zingwe zakale za m'zombo zouma ndi phula. Nyumbazi zinamangidwa kuti ziopseze aulesi, koma m'kupita kwa zaka amene anadzazamo anali nkhalamba, odwala ndi olumala, anthu osowa kwina kolowera; ndipo mwamuna wolandira chithandizo cha amphawi ankalandidwa ufulu wovota, kufikira chaka cha 1918. Mwambo wa 1601 unali utawoloka kale nyanja pamodzi ndi Angerezi amene anakamanga ku America, kumene m'midzi ina ya ku New England wosauka ankamutchula pabwalo n'kumupereka kwa amene walonjeza kumusunga pa mtengo wotsika kuposa onse.

Khomo la thukuta linasemedwa ku Germany, ndipo mmisiri wake anali Otto von Bismarck, nduna yaikulu ya ufumuwo, munthu amene sanadziwike ndi kufewa mtima, koma amene anazindikira kuti antchito a m'migodi ndi m'mafakitale, akapanda kupeza chiyembekezo m'boma, adzakachifuna ku chipani cha sosholizimu chimene iye ankalimbana nacho. Chotero anakhazikitsa inshuwalansi ya matenda mu 1883, ya ngozi za pantchito mu 1884, ndi ya ulumali ndi ukalamba mu 1889. M'lamulo lotsirizali wantchito ankasonkha theka, bwana wake theka, boma n'kuwonjezerapo pa penshoni iliyonse; ndipo umboni wa zonsezi unali khadi, limene bwana ankamatapo masitampa ogula ku positi ofesi, sabata iliyonse sitampa yake, khadilo likadzaza n'kukalisinthitsa ndi lina. Penshoni ya ukalamba inkayamba pa zaka 70, msinkhu umene antchito ambiri sankaufika, kotero kuti phindu lenileni la lamuloli linagona pa ulumali. Pakuti mmisiri amene chifuwa chamugwetsa ali ndi zaka 50 ankanyamula khadi lake n'kukaimirira pamaso pa mlembi, osagwada ndi osaomba m'manja kwa kapitawo wa amphawi, popeza chimene ankafuna chinali chake. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo nzeru yomweyo ndi imene Bismarck anaisandutsa lamulo la ufumu.

America anachedwa kutsata njira imeneyi, koma anali ndi mwambo wake wofanana nayo, wa penshoni za asilikali. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 ili mkati, mu 1862, boma la kumpoto linalonjeza penshoni kwa asilikali ake olumala kunkhondo. Ndipo mu 1890 linafutukula lonjezolo, kuti aliyense amene anatumikira masiku 90, ndipo tsopano sangathe kugwira ntchito ya manja, alandire, ngakhale ulumali wake utadza nkhondo itatha kale. Pofika 1893 penshonizi zinkatenga pafupifupi magawo awiri mwa magawo asanu a ndalama zonse zimene boma la ku Washington linkagwiritsa ntchito, ndipo m'badwo umenewo unatolapo maphunziro awiri amene sanaiwalike msanga: kuti chithandizo chochokera pa utumiki n'chaulemu, ndi kuti thumba la olumala likamasulidwa limavuta kumanganso. Kuyambira 1911, zigawo monga Wisconsin zinakhazikitsa chipepeso cha ovulala pantchito. Koma chipepesocho chinali cha amene makina amudula dzanja, pamene amene chifuwa chachikulu kapena sitiroko yamugwira ali kunyumba kwake ankatsalabe m'manja mwa abale, a mpingo, kapena nyumba ya amphawi.

Pa 14 Ogasiti 1935, dziko lili pakati pa mavuto aakulu a zachuma amene anachotsa anthu mamiliyoni pantchito, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo la Social Security, lokonzedwa ndi komiti imene anaitsogolera Mayi Frances Perkins, nduna ya zantchito, amenenso anali mkazi woyamba kukhala nduna m'boma la dzikolo. Makomo onse awiri anaimikidwa m'lamulo limodzi: penshoni ya ukalamba, yochokera ku msonkho wodulidwa pa malipiro, inali m'manja mwa boma lalikulu, pamene chithandizo cha okalamba osauka, akhungu osauka ndi ana osowa wowadyetsa chinaperekedwa kwa maboma a zigawo, Washington n'kumangowonjezerako ndalama. Roosevelt anaumirira msonkho wa pa malipiro mwadala, ndipo pambuyo pake anafotokozera mlangizi wina kuti anachita zimenezo kuti osonkhawo akhale ndi ufulu weniweni pa penshoni zawo, kuti pasadzapezeke wandale wolimba mtima kuzithetsa. Koma n'chinthu chomvetsa chisoni kuti mtsogoleri amene miyendo yake inafa ndi matenda mu 1921, nakhala woyendera njinga ya olumala, anasaina lamulo lopanda inshuwalansi ya ulumali. Ndipo chifukwa chake chinali mantha, pakuti makampani a inshuwalansi anali atangotaya chuma chambiri pa mapangano a ulumali ntchito zitasowa, ndipo aphungu ankati ukalamba uli ndi kalata ya kubadwa yochitira umboni, imfa ili ndi manda, koma ulumali uyenera kuweruzidwa ndi munthu, amene akhoza kunyengedwa.

Ngakhale pa ukalamba pomwepo, khomo la thukuta silinatsegulidwe kwa onse okhetsa thukuta. Lamulo la 1935 linasiya kunja antchito a m'minda ndi antchito a m'nyumba, amene kumwera kwa dzikolo ochuluka mwa iwo anali anthu akuda, zidzukulu za akapolo, otola thonje ndi ochapa zovala m'makomo mwa eni minda. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati chimene chinakula pamenepo chinali tsankho la aphungu akumwera kapena kuvuta kosonkhetsa msonkho kwa anthu olipidwa pamanja. Koma chotulukapo chake sichikaikitsa, pakuti anthu amene anagwira ntchito yakalavulagaga kuyambira ubwana, atakalamba kapena kuthyoka, anawalozera ku khomo la umphawi ngati kuti sanagwirepo ntchito. Anayamba kuwalowetsa mu 1950 ndi mu 1954. Koma phunziro lake ndi lokhalitsa, ndilo lakuti lamulo silidziwa thukuta lina koma lokhalo limene linalembedwa m'kaundula.

Nkhondo ya inshuwalansi ya ulumali inatenga zaka makumi awiri. Mu 1949 nyumba yaing'ono ya malamulo inavomereza, koma nyumba ya Senate inakana, ndipo chimene anagwirizana mu 1950 chinali kuthandiza olumala kotheratu kudzera pa khomo la umphawi lokha, m'manja mwa zigawo. Mu 1954 anangolola kuti zaka zimene munthu wakhala chigonere zisachepetse penshoni yake ya ukalamba. Mlandu unafika pachimake mu Julayi 1956, bungwe la madokotala la American Medical Association, makampani a inshuwalansi, mabungwe a olemba ntchito ndi nduna za Pulezidenti Dwight Eisenhower zili mbali ina, mabungwe a antchito ali mbali ina. Ndipo amene ananyamula nkhaniyo mu Senate anali Walter George wa ku Georgia, nkhalamba imene inali kutsanzika utumiki wake, mothandizidwa ndi Lyndon Johnson amene ankasaka mavoti mmodzimmodzi. Anapambana ndi mavoti 47, otsutsa 45, ndipo mtengo wa chipambanocho unali kuchepetsa khomo: olandira akhale a zaka 50 mpaka 64 okha, adikire miyezi isanu ndi umodzi, ndalama zawo zikhale m'thumba lapadera, ndipo oweruza ulumali akhale maofesi a zigawo. Eisenhower anasaina pa 1 Ogasiti 1956, ndipo chithandizo chinayamba mu Julayi 1957.

Khomo lopapatizalo linakuzidwa pang'onopang'ono. Mu 1958 akazi ndi ana a wolumala anayamba kulandirako. Mu 1960 malire a zaka 50 anachotsedwa. Mu 1965 anati ulumali woyembekezeka kutha miyezi 12 kapena kufikitsa ku imfa ndi wokwanira. Ndipo mu 1972 kudikira kunatsitsidwa kufika pa miyezi isanu, wolandira kwa miyezi 24 n'kupatsidwanso chithandizo cha kuchipatala cha Medicare. Lero wantchito akayang'ana kapepala ka malipiro ake amaona kuti pa madola 100 aliwonse adulapo 6.2 a Social Security, bwana n'kuikaponso ofanana nawo, ndipo gawo lina la ndalamazi ndilo limapita ku thumba la olumala. Kusonkhako kumawerengedwa m'mapointi, osapitirira anayi pachaka. Mu 2024 pointi imodzi inkapezeka pa malipiro a madola 1,730, ndipo munthu wa zaka 31 kapena kuposa amafunika, mwa zina, mapointi 20 m'zaka khumi zomalizira asanalumale, ndiko kunena zaka zisanu za ntchito. Akakwanitsa zimenezi, ndalama yake imawerengedwa kuchokera pa malipiro ake akale, ndipo mu 2024 wolandira wapakatikati ankapeza pafupifupi madola 1,500 pamwezi. Akhale ndi nyumba ziwiri, akhale ndi cholowa cha makolo, akhale ndi mkazi wolandira malipiro apamwamba, palibe mlembi amene adzamufunse za izo.

Khomo la umphawi, m'zaka zonsezo, linali logawanika m'maofesi oposa 1,000 a zigawo ndi a madera, aliyense ndi muyeso wake, kotero kuti wakhungu wa ku Mississippi ankalandira kachepe poyerekeza ndi mnzake wa ku California. Zigawo zina zinkalemba ngongole pa nyumba ya wolandira kuti zidzabweze ndalama zawo iye akamwalira, zina zinkayamba zaitana ana ake kudzafotokoza chifukwa chimene sakusungira kholo lawo. Mu 1969 Pulezidenti Richard Nixon anabweretsa chikonzero chakuti banja lililonse losauka lokhala ndi ana lizilandira ndalama yosatsika pa muyeso wina. Chikonzerocho chinafera mu Senate, popeza aphungu anaopa kudyetsa anthu amphamvu, koma mbali yake yokhudza okalamba, akhungu ndi olumala, amene palibe ankawanenera ulesi, inapulumuka. Nixon anasaina pa 30 Okutobala 1972, ndipo mu Januwale 1974 SSI inayamba, anthu oposa mamiliyoni atatu atasamutsidwa kuchoka m'mabuku a zigawo, muyeso wa munthu mmodzi uli madola 140 pamwezi, ochokera ku msonkho wamba wa dziko. Anaipereka dala m'manja mwa Social Security Administration, kuti wosauka alowe mu ofesi yomweyo imene wantchito amalowa, manyazi a nyumba ya amphawi athe. Ndipo kwa nthawi yoyamba ana olumala a m'mabanja osauka anawerengedwa nawo.

Cholingacho chinali chabwino, ndipo anthu mamiliyoni apulumukirapo. Koma kufufuza kwa 1601 kunalowa nawo mu ofesi yatsopanoyo. Mu 2024 muyeso wa SSI unali madola 943 kwa munthu mmodzi, ndi 1,415 kwa awiri okwatirana, kotero kuti olumala awiri akamanga banja amataya gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene ankalandira ali payekhapayekha. Wolandira saloledwa kukhala ndi chuma choposa madola 2,000, kapena 3,000 ngati ali pabanja, kupatula nyumba imene akukhalamo, galimoto imodzi ndi zina zochepa. Ndipo mlembi amayang'ana zimene zinali ku banki pa tsiku loyamba la mwezi, zikapitirira ngakhale pang'ono, mwezi umenewo wapita, ndipo zimene analandira kale amauzidwa kuti abweze. Akapeza kaganyu, madola 20 oyamba a ndalama iliyonse ndi 65 a malipiro amamusiyira, kuchoka pamenepo amamudula dola imodzi pa madola awiri aliwonse. Akamasungidwa m'nyumba ya mlongo wake osalipirako, ndalama yake ikhoza kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo mwana akakhala ndi makolo ake, kapena mkazi ndi mwamuna wake, gawo la malipiro a iwowo limawerengedwa ngati lake. Chimene khomoli limapambana nacho linzake n'chakuti silidikiritsa miyezi isanu, ndipo m'zigawo zambiri limabwera pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala cha Medicaid.

Kusiyanaku kumaonekeranso pa malire a dziko, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imakhudza abale athu amene anakakhazikika kumeneko. Nzika yolandira SSDI ikhoza kusamukira ku maiko ambiri a kunja ndalama yake n'kumaitsatira, popeza inaisonkhera. Koma wolandira SSI akakhala kunja kwa dziko mwezi wathunthu, ngakhale atapita kukaika maliro a kholo lake, chithandizo chimaima kufikira atabwerera n'kukhalanso masiku 30. Mlendo wokhala movomerezeka amene wasonkha zaka zokwanira amalowa pa khomo la thukuta mofanana ndi mbadwa, pamene khomo la umphawi lamulo la 1996 linalitsekera alendo ambiri obwera kumene. Ngakhale anthu a ku Puerto Rico, amene ndi nzika za America, amalandira SSDI koma salandira SSI, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yowasiya kunja chotero.

Tisaganize kuti khomo la thukuta silinagwedezekepo. Mu 1980, poona kuti olandira achuluka, Nyumba ya Malamulo inalamula kuti aziunikidwanso kawirikawiri. Ndipo kuyambira 1981 boma la Pulezidenti Ronald Reagan linafulumizitsa ntchitoyo, kufikira kuti m'zaka zitatu anthu pafupifupi theka la miliyoni analandira makalata akuti sali olumalanso, ambiri mwa iwo odwala matenda a maganizo amene sanathe ngakhale kudziyankhira. Koma apa ulosi wa Roosevelt unakwaniritsidwa, pakuti ochotsedwawo ndi abale awo anadzaza mabwalo a milandu, ochuluka n'kubwezeredwa, abwanamkubwa a zigawo zina monga New York ndi Massachusetts anakana kupitiriza, ndipo mu 1984 nyumba zonse ziwiri zinavomereza popanda wotsutsa lamulo lakuti munthu asachotsedwe pokhapokha pataoneka kuti thanzi lake lasinthadi. Ana a pa khomo la umphawi anaona zina: mu 1990, pa mlandu wa Sullivan v. Zebley, bwalo lalikulu linapeza kuti boma linkawayesa ndi muyeso wowawa kuposa wa akuluakulu, ndipo ana ambiri analowa. Koma mu 1996, m'masiku a Pulezidenti Bill Clinton, muyeso unakhwimitsidwanso, ana pafupifupi 100,000 n'kuchotsedwa, popanda mfuu yofanana ndi ya 1984.

Tsono poweruza mbiri yonseyi, sindipeza chifukwa chonyozera khomo la thukuta, pakuti linachotsa wantchito wolumala pamaso pa kapitawo wa amphawi, ndipo limenelo ndi dalitso lalikulu limene mibadwo yakale inalilakalaka osaliona. Chimene chimandilemera mumtima ndi anthu amene sangathe kulifika ngakhale atafunitsitsa: wobadwa wolumala amene sanalembedwepo ntchito, mayi amene anatha zaka khumi akulera ana ndi kusamba apongozi odwala, mapointi ake n'kutha mphamvu iye ali pa ntchito yosalembedwa, waganyu wolipidwa pamanja amene bwana wake sanamusonkhere. Lamulo linayesa kumanga ulalo, polola wolumala asanafike zaka 22 kulandira pa dzina la kholo lake likapuma, likalumala kapena likamwalira, ndiponso polola wolandira SSDI yochepa kuwonjezeredwa ndi SSI. Koma otsala ndi ambiri, ndipo sanachimwe iwo kapena makolo awo. Mfumu Davide, poitana Mefiboseti wopunduka miyendo kuti azidya pagome lake, sanayambe wamufunsa zaka za utumiki, ndiponso sanamulande minda kuti ayenere chifundo, koma anamubwezera minda ya agogo ake.

Kwathu kuno makomo omwewa alipo, ngakhale ndi ang'onoang'ono. Amuna amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, nabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo, anadikira zaka zambiri kufikira pamene makampani a migodi anavomera, mu 2018, kuika ndalama zokwana 5 biliyoni randi za chipepeso. Ndipo wofuna kulandira ayenera kupezeka m'kaundula wa mgodi, monga mmisiri wa ku Germany ankafunikira khadi lake. Mbali inayi kuli Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wofunafuna mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito. M'dziko limene anthu ochuluka amadya za khasu lawo, opanda kapepala ka malipiro, khomo la thukuta lidzakhala la owerengeka kwa nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake mamangidwe a khomo la umphawi ndi nkhani yoti tiisamale kopambana, tisatengere kwa ena chikaiko pamodzi ndi chifundo.

Boma silikulakwa pofunsa ngati wopempha ali wosowadi, pakuti ndalama ya msonkho ndi thukuta la anthu ena, ndipo woisunga ayenera kukhala mdindo wokhulupirika. Kulakwa kumayamba pamene funsolo lisanduka lamulo lakuti wothandizidwa akhalebe wosauka, asasunge, asakwatire, asalandire mphatso ya mbale wake popanda kuopa kalata ya ku ofesi. Malire a madola 2,000 anaikidwa mu 1989 ndipo sanasunthe, ngakhale mitengo ya zinthu yakwera kuposa kawiri. Madola 20 ndi 65 aja ali pomwe anawasiya olemba lamulo la 1972. Pali zokonza zimene zachitika, monga lamulo la ABLE la 2014, limene linalola amene analumala asanafike zaka 26 kusunga mpaka madola 100,000 m'akaunti yapadera osataya SSI, ndi kusintha kwa pa 30 Seputembala 2024, kumene kunaleketsa kuwerengera munthu chakudya chopatsidwa ndi abale ngati ndalama. Ndipo mu 2023 aphungu a zipani zonse ziwiri, Sherrod Brown ndi Bill Cassidy, anapempha kuti malire akwere kufika madola 10,000, koma chaka cha 2024 chinatha pempho lawo lisanakhale lamulo. Akale anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ndipo popeza palibe phungu, bwana kapena wantchito amene adziwa ngati tsoka lidzamupeza mapointi ake ali okwanira, kapena lidzagwera mdzukulu wake asanagwireko ntchito n'kamodzi komwe, nzeru ndi chilungamo zonse zikuloza kumodzi, kuti ulemu umene anthu anaumenyera nkhondo pa khomo la thukuta uperekedwenso kwa wolumala amene analibe mwayi wosonkha.